Ponda Pamene Ndaponda Ine

Ndikakumbukira agogo Zuze, bambo awo a mayi anga, ndimamva fungo la dothi lonyowa ndi mvula yoyamba, losakanikirana ndi utsi wa zinyalala zomwe anthu ankatentha kumunsi kwa Nkolokosa, m'mbali mwa mtsinje wa Naperi, kumene tinali ndi kamunda ka chimanga.

Anzathu ankabzala ndi khasu: kukumba phando, kuponya mbewu, kukwirira ndi phazi. Agogo ayi. Iwo anali ndi ndodo yansungwi yosongoka, yaitali kuposa eni ake, ndipo ankabaya nayo dothi mopendeketsa, pang'onopang'ono, asanapondepo. Ine ndinkabwera pambuyo ndi mbewu m'chipande. Lamulo linali limodzi: "Ponda pamene ndaponda ine." Anathawa nkhondo ku Mozambique, koma za kwawoko sankakamba.

Tsiku lina m'mawa ndinatopa ndi kuchedwa kwawoko, ndikuwapitirira. Ndodo inabaya pafupi ndi chidendene changa. Ngwe! Chitsulo.

"Malita, ima! Usasunthe phazi."

"Ndi njoka, agogo?"

"Bola ikanakhala njoka. Pansi apo pali bomba, mwanangu. Ukanyamula mwendo, tatha."

Mawu awo ndinali ndisanawamvepo otero. Linthumbu linakwera m'miyendo mwanga n'kumandiluma, koma sindinayerekeze kudzikanda. Kumsewu makondakitala ankaitanira za ku Limbe ngati palibe chikuchitika. Agogo anagona chafufumimba m'matope, n'kuyamba kupalasa dothi ndi zala, thukuta likudontha pamphuno. Mkodzo unanditsika wotentha mpaka kumapazi.

Chimene anatulutsa chinali chivundikiro cha poto, chadzimbiri.

Mayi Nachisale, a munda woyandikana nafe, anaseka mpaka kutsamira khasu.

"A Zuze inu, kuno n'ku Blantyre! Mabomba achokera kuti? Mwamuopseza mwana chifukwa cha chivundikiro!"

Agogo anadzuka m'matopemo. Anakhala pamzere n'kundipukuta miyendo ndi chipewa chawo.

"Agogo ako aakazi ankabzala ndi khasu," anatero motsitsa mawu. "Anakhapa kamodzi kokha, bomba n'kuphulika. Munda unali wathu womwe, ku Mozambique."

Kenako anatola ndodo yawo, tinamaliza mzere uja, ine pambuyo.

Ndodoyo ili kuseri kwa chitseko changa ku Chinyonga. Kuseri kwa nyumba ndimabzala ndi khasu ngati wina aliyense. Koma khasu likangogunda chitsulo, miyendo yanga imauma, ndipo mwana wanga akakhala pafupi ndimamva pakamwa panga pakutuluka mawu a agogo: "Ima!"