Madzi Ali M'chiuno

Kuno kwathu munthu aliyense ali ndi kapimidwe kake, ndipo amaganiza kuti dziko lonse likadziwa. Ine ndimagulitsa nyemba ndi nshawa pamsika ku Kapata, ndimapima ndi meda. Meda ndi chigubu chodulidwa pamwamba, koma pitani mukaone. Wogulitsa meda yake anaiponda pansi kuti ichepe, wopikula yake anaiwiritsa m'madzi otentha kuti ifufume, onse akuti ndi meda. Mlamu wanga munda wake amauwerenga ndi ng'ombe, ati uwu zimaulima m'mawa umodzi. Kumudzi ukafunsa njira akuuza kuti ndi apa chabe, akuloza ndi mlomo. Mlomo ukatalika kwambiri, dziwa kuti ufika dzuwa litapendeka.

Zimenezo ndimaseka nazo. Sukulu ndinalekeza giredi folo, sindine woti ndiphunzitse anthu. Koma pali kapimidwe kamodzi kamene kanatsala pang'ono kundiphera mkazi.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anakwatiwa kumudzi wina kupitirira Chiparamba, kutsidya kwa kamtsinje. Tinali titapitako m'chilimwe mokha, mtsinjewo uli mchenga wokhawokha, mbuzi zikugona pakati. Ndiye chaka china mvula ili pakati tinamva kuti wabereka, atuluka kale kukiliniki, ali kunyumba. Mdzukulu woyamba. Mkazi wanga sanafune kumva zodikira. Analongedza ufa, kapenta, sopo ndi zitenje m'beseni, tinakwera kalole ka kanta, tinatsika pamphambano, kwatsala kuyenda pansi.

Pamphambanopo ndinaimbira mkamwini wanga. Mnyamatayo ndi waulemu wopitirira, moni wake amatha tokotaimu.

"Atate, mwauka bwanji? Amayi auka bwanji? Nanga kunyumba..."

"Tauka. Tili pamphambano. Mtsinje uli bwanji?"

"Madzi ali m'chiuno, atate."

"M'chiuno?"

"Inde atate. Kuyambira m'mawa ali m'chiuno."

"Chabwino, tikubwera."

Ndinamva akuti "Atate, kapena," basi netiweki yathawa. Foni ndinaikulunga m'pulasitiki, ndinaiika m'beseni.

Titafika pamtsinje mvula inali italeka, dzuwa likuwala bwinobwino. Madzi anali ofiira, otambalala, osachita phokoso. Panalibe munthu ngakhale mmodzi. Mkazi wanga anatula beseni, nayang'ana nthawi yaitali.

"Atate ake, madzi awa sindikuwakonda. Akuyenda mwakachetechete."

"Mkamwini, mwana wa mudzi womwewo, wati ali m'chiuno. Ndipo iye uja ndi wamfupi. Chiuno chake ndi ntchafu zanga."

"Nanga ine? Mwaiwala kuti munakwatira kachitsa?"

"Inu afika pamchombo. Mukasambiretu, mukafike kwa mdzukulu muli oyera."

Anaseka, koma osati kwenikweni. Anamanga chitenje molimba, anasenza beseni, dzanja lamanzere kumutu, lamanja anagwira lamba wanga kumbuyo. Tinalowa.

Madzi anafika m'maondo, kenako m'ntchafu. Ozizira ngati a mufiriji. Mchenga unali kuthawa pansi pa mapazi, ukaponda umamva ukukumbika. Atafika m'chiuno mwanga ndinatembenuza mutu ndikumuuza kuti basi, apa ndiye pozama, kutsogoloku tikwera. Ndinakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, chifukwa ndi zimene ndinauzidwa. Tsidya linali likadali kutali, koma ndinati pakati pamakhala pofanana.

Ndinaponda kutsogolo, madzi pamimba. Ndinapondanso, pachifuwa. Mapesi a chimanga anatidutsa, kenako nkhuku yakufa ikuzungulira. Apo m'pamene ndinaona liwiro la madziwo. Ndinafuna kubwerera, koma kutembenuka kunali kosatheka, phazi ukalinyamula madzi amalitenga.

Kumbuyo kwanga mkazi wanga analankhula motsitsa, ngati akundiuza kuti mchere watha.

"Atate ake, sindikugunda pansi."

Beseni ndinaliona likudutsa pambali panga, likuyandama bwinobwino ndi katundu wake yense. Kenako lamba anandikoka, ndinagwa chagada, ndinamwa matope. Sindidziwa kuti madzi anatitenga mtunda wotani. Chimene ndikumbuka ndi chinthu chondimenya m'nthiti. Unali mtengo wogwa, mizu ili kutsidya kumene tinali kupita, nthambi zili m'madzi. Ndinakumbatira nthambi ndi manja onse awiri.

Kutembenuka sindikanatha. Mkazi wanga sindinali kumuona. Ndinadziwa kuti alipo chifukwa cha lamba yekha, amene anali kundidula pamimba ngati waya. Lambayo anali wa salaula, wovala kale ena, bowo lake linali litayamba kale kung'ambika, ndipo masiku onse ndinali kunena kuti ndigula wina. Ndinafufumitsa mimba kuti chitsulo cha lamba chisasuntheke. Mwamuna wamkulu, wa imvi, moyo wa mkazi wanga uli pa kabowo ka lamba wa salaula. Ndikasiya dzanja limodzi kuti ndimugwire, tipita tonse. Ndikapanda kusiya, dzanja lake litopa.

Ndinamumva akutsokomola, kenako anayamba Tikuoneni Maria. Amati akafika pakati madzi amamutseka pakamwa, ayambirenso. Ine ndinali kukuwa kuitana anthu, mawu akuthera m'madzi momwemo. Kenako pemphero linaleka.

"Amake mwana."

Zii.

"Amake mwana, yankhulani."

Zii. Koma lamba akukokabe. Ndinamvapo kuti munthu womira dzanja lake silimasuka ngakhale atapita. Zimenezo zinabwera m'mutu mwanga. Ndinayamba kumutukwana. Mkazi amene sindinamutukwanepo chikwatirane, ndinamutchula mawu oti sindingalembe pano, ndinatukwana ndi kwawo komwe, kuti mwina akwiye ayankhe.

"Mwati chiyani?" Mawu aang'ono, koma ake.

"Ndati kwanu nonse ndinu afupi ngati mitondo."

"Tikatuluka mubwereze."

Ndinapitiriza kumuputa choncho, iye akuyankha liwu limodzi limodzi, manja anga akuchita dzanzi pa nthambi.

Amene anatipeza ndi mkamwini yemweyo. Foni itaduka anayesa kuimba osapeza, ndiye anathamanga kuchokera kumunda, anaitana amuna anzake, anatenga chingwe cha ng'ombe. Anadzimanga m'mimba, anzake atagwira kumtunda, anakwawa pa mtengo wogwawo mpaka anamugwira mkazi wanga m'khwapa. Anatikoka tonse pamodzi ngati matumba, chifukwa mkazi wanga lamba sanasiye.

Kumtunda anasanza madzi ofiira, anagona chammbali, maso otsegula. Akupuma. Ine nditangopeza mpweya ndinamugwira mkamwini pa shati.

"Iwe, unati m'chiuno. Chiuno cha ndani? Cha njovu?"

Anagwada m'matope momwemo. "Cha mkuyu, atate."

Analoza. Pafupi ndi powolokera pali mkuyu waukulu umene unamera pagombe, thunthu lake linagawikana pawiri. Anthu a mudzi umenewo madzi amawapima pa mtengowo, ndipo anaupatsa ziwalo ngati munthu. Mizu ndi mapazi. Chotupa cha pathunthu ndi maondo. Pogawikana ndi m'chiuno. Madzi akakhala m'mapazi ana amawoloka kupita kusukulu. Akafika m'maondo amawoloka amuna okha. Akafika m'chiuno ngakhale ng'ombe saziwolotsa. Mtengo uli pamwamba pa gombe, ndiye chiuno chake pakati pa mtsinje ndi kumutu kwa munthu.

"Nanga pakamwa pako panali chiyani? Osangonena kuti musabwere?"

"Atate, ndingauze bwanji apongozi kuti asabwere pakhomo panga? Ndinati ndikanena kuti m'chiuno mumva nokha."

Mayi wina wachikulire amene anabwera ndi gulu anaikapo lake. "Koma a m'tauni. Ndani sadziwa kuti m'chiuno sawoloka?"

Ndinamuyankha mayi ameneyo, ndipo sindinapepese mpaka lero. Mtengo wanu, mudzi wanu, mwaupatsa chiuno, mwina mawa muupatsa ndi chitenje, ndiye mlendo adziwe bwanji? Alote? Ulemu wa mtundu wanji woti munthu amire nawo? Mnyamata uja analowa m'madzi kutitulutsa, zoona, sindikana. Koma liwu limodzi chabe pa foni likanakwana, liwu loti ayi.

Mkazi wanga ndiye anandiletsa. Anati ndisiye phokoso, mutu ukumupweteka, afuna kuona mwana.

Poti adzuke tinapeza kuti dzanja lake lamanja silikutseguka. Zala zinauma pa lamba, zoyera mbuu, zikhadabo zitalowa m'chikopa. Tinayesa kuzitambasula, analira. Ndinamasula lambayo m'chiuno mwanga, ndinayenda mpaka kumudzi nditagwira buluku ndi dzanja, iye atamunyamula amuna awiri, lamba akulendewera.

M'nyumba mwana wathu atationa anayamba kulira, mayi ake anamuuza kuti asiye, mkaka ungathawe. Anthu anamuveka mkazi wanga zouma, anamukhazika pamphasa pafupi ndi mbaula. Madzi ofunda oviikamo dzanja anali asanatenthe, koma iye anati sadikira. Anamuika khanda pamiyendo. Analizinga ndi mkono wamanzere, ukunjenjemera kwambiri moti mutu wa mwana unali kugwedezeka. Ndinakhala pansi pambali pake, ndinalowetsa dzanja langa pansi pa kamutuko.

"Tabwera chimanjamanja," mkazi wanga anauza mwana wathu. "Zitenje zako zapita."

Kenako anaweramira khandalo, naliyang'ana nthawi yaitali, mano akugundana.