Pansi pa Mbale ya Wendell Tackett

Akuti Wendell Tackett, kochi wa besibo, mpira uja womenya ndi chibonga, pakoleji yathu ino, anakwirira mkazi wake pabwalo la mpira. Osati thupi lonse ayi, musathawe. Phulusa lokha, paja mayi Earline anachita kuwotchedwa monga ananenera okha asanatisiye. Akuti kachitini ka phulusako kali pansi pa mbale, kachilabala koyera kaja kamene womenya mpira amaima pambali pake. Ine ndinazimva kwa Hoyt wometa tsitsi, ndipo Hoyt akakuuzani kuti kunja kwacha muziyamba mwasuzumira pawindo. Komabe khutu langa limodzi linakhulupirira. Aliyense amene anamuonapo Wendell akupukuta mbaleyo ndi kaburashi, atagwada ngati ali m'tchalitchi, andimvetsa.

Wendell ndi wa konkuno ku Oklahoma, mwana wa mlimi wa tirigu. Anathawa munda poganiza kuti mpira ndiye ntchito yopepuka. Mulungu anaseka. Anamupatsa malo a wowakha, uja amanyonyomala kumbuyo kwa womenya tsiku lonse, atavala chisoti chamawaya ndi zotchinga pachifuwa ngati kamba, n'kumalandira mpira wobwera ngati chipolopolo. Zala zake lero palibe ziwiri zoloza kumodzi. Mukamufunsa njira iye n'kuloza, mwasochera basi.

Atamaliza koleji anamutenga m'matimu ang'onoang'ono olipidwa, cha ku Texas ndi ku Kansas uko. Moyo wa m'basi umenewo: kugona chokhala, kudya buledi ndi soseji yozizira, kuchapa masokosi m'sinki ya hotela. Kuwakha ankawakha bwino, zimenezo sitingamumane. Koma akagwira chibonga kuti amenye, ankangokupizira mphepo anthu okhala kutsogolo. Chaka ndi chaka ankadikira kuti amuitane ku ligi yayikulu. Anaitanidwa wogona naye chipinda chimodzi. Anaitanidwa wina amene Wendell anachita kumuphunzitsa kumanga nsapato. Iye anaitanidwa ndi dokotala wa maondo.

Anabwerera kumudzi akutsimphina, nakwatira Earline wa ku positi ofesi, ndipo koleji inamulemba ukochi chifukwa panalibe wina wofuna. Ukochi wa pakoleji yaing'ono musamaumve kukoma dzina. Kochi ndiye dalaivala wa basi, ndiye wochapa mayunifolomu, ndiye woyankha mafoni a makolo ofunsa chifukwa chake mwana wawo akungokhala pabenchi. Bwalo analipeza lili chire lokhalokha, dothi louma gwa ngati msewu. Anatola miyala ndi manja, anabzala kapinga, anakatuta dothi lofiira kumtsinje pa galimoto yake yomwe. M'mawa uliwonse ankasalaza ndi kathirakitala, kuthirira ndi paipi, kujambula mizere ya laimu, anyamata ake akadali m'tulo. Ana sanabereke awiriwa. Anthu ankangoti mwana wawo ndi uja wagona kuseri kwa kolejiyo, wosakula, wofuna kusambitsidwa tsiku ndi tsiku.

Earline naye sankajomba. Ankakhala kuseri kwa waya ndi fulasiki ya khofi, n'kumalalatira woweruza masewera.

“Iwe Clyde! Magalasi waiwala kubafa kodi? Mpira umenewo wadutsa kutali, ku Arkansas uko!”

“Khalani pansi, mayi Tackett.”

“Ndikhala ukayamba kuona!”

Chikho Wendell anatengapo kamodzi. Zaka zinazo ankawina apa, kuluza apo, kuluzanso apo. Anyamata ake anakhala aphunzitsi, ogulitsa inshuwalansi, wina wapolisi amene mpaka lero samugwira Wendell akathamangitsa galimoto. Wofika ku ligi yayikulu sanapezekepo.

Earline atamwalira ndi pamene mphekesera ija inabadwa, ndipo inabadwa pa nthawi yake. Makoleji oyandikana nafe anali atayamba kuyala kapinga wa pulasitiki. Ameneyo safuna madzi, safuna kutchetcha, mvula ikagwa m'mawa masana mukusewera. Akuluakulu a koleji yathu anamusirira. Koma akati akhale pansi akambirane zokumba bwalo, wina ankatsokomola n'kutchula dzina la Earline, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndani akufuna kutchuka kuti anafukula mkazi wa mwini ndi thirakitala? Wendell sanavomere, sanakane. Mphekeserayo inkamulondera bwalo kuposa galu, ndipo sinkafuna chakudya.

Hoyt anayesapo kumupana ali pampando wometera, nsalu ili m'khosi.

“Tanena zoona, mdala iwe. Earline ali pamenepo?”

“Ndabwera kuti umete kunja kwa mutu, Hoyt, osati m'kati.”

“Kunjako kwatsala chiyani? Ndikungokubera ndalama ine.”

“Ndiye iba msanga, ndikathirire bwalo.”

Zaka zinapita choncho. Tsono besibo ili ndi mwambo wankhanza: kochi amavala yunifolomu yofanana ndi ya anyamata ake. Taganizani nkhalamba yaimvi, mimba ili patsogolo ngati yabisa chivwende, itavala kathalauza kothina ka mwana wa sukulu. Masana ankawaponyera mipira anyamata kuti ayeserere kumenya, phewa likulira ngati chitseko cha khola. Akagwada kuti akonze dothi la pambale, kudzuka kwake kunali kokambirana ndi maondo, limodzi limodzi. Chaka chathachi mvula inavuta. Masewera ankangoimitsidwa, bwalo lili thamanda, Wendell ali pakati ndi ndowa ndi chisiponji. Woponya wake wodalirika anasamukira kukoleji ya pulasitiki, ndipo potsanzika anati, “Musandidandaule, a Kochi, ine ndinabwerera mpira, osati usodzi.”

Kenaka kunabwera mkulu wa koleji watsopano, Dokotala Kimbrough, mayi wochokera kumpoto, wosadziwa kuti kuno nkhani timaizungulira. Wina wolemera ndi zitsime za mafuta anali atalonjeza kulipira kapinga wa pulasitiki yense. Mayiyo sanaitanitse msonkhano. Anangobwera pabwalo m'mawa wina, nsapato zazitali zikutitimira m'matope, namupeza Wendell atagwada pambale paja.

“A Kochi, ndikufunsani kamodzi kokha, mundikhululukire. Mayi ali pansi apa?”

Wendell anapitiriza kupukuta.

“Mukati eya, palibe akumbe pano inu muli moyo. Mphatsoyo ndikaibweza, anthu andinene. Mukati ayi, mathirakitala abwera masewera a chaka chino akatha. Koma kukhala chete kokha sindikulandira.”

Mawu amodzi okha, abale anga. Eya. Mwana woyamwa amatha kuwanena. Wendell anayang'ana kapinga wake, mizere yake, dothi limene anatuta ali ndi tsitsi lakuda. Ankadziwa paliponse pamene mpira umadumpha mokhota, ankadziwa ngodya imene imachedwa kuuma. Pulasitiki akabwera, m'mawa azidzukira chiyani? Koma kulekerera anthu kuti azilankhula ndi kwina, kutsegula pakamwa pako n'kuika dzina la Earline pa nkhani ndi kwinanso. Mkazi wake uja anatha moyo wake wonse akulalatira Clyde chifukwa chonena zimene sanaone. Ndiponso, tinene zoona, maondo ankapweteka. Madzi anali atalowa m'nsapato. Kuseri kwa mbale kunali kathamanda komweko kamene wakhala akulimbana nako kuyambira ali mnyamata, kakumuyang'ana ngati kakuseka.

Anagwira waya, nadzuka pang'onopang'ono.

“Kumbani, mayi.”

“Ndiye kuti mukuti ayi?”

“Ndiye kuti ndatopa.”

Tauni inagawikana. Ena anati mdalayo wagulitsa mkazi wake, ena anati akufuna amufukulire ena chifukwa yekha sangathenso kugwira fosholo. Wendell anamaliza masewera otsalawo, kuluza ambiri, nakapereka makiyi a basi ndi a kathirakitala. Anamupangira kaphwando ka keke ndi khofi, namupatsa wotchi, ngati munthu wopanda kopita amafuna kudziwa nthawi.

Tsiku lokumba anthu anadzaza kuposa pa masewera alionse amene Wendell anatsogolerapo. Hoyt anatseka shopu. Abusa anabwera ndi Baibulo m'khwapa, kuchitira mwina. Ine ndinafika msanga kuti ndipeze malo akutsogolo, chipewa chili m'manja kale. Wendell anakhala kumbuyo kwa galimoto yake, miyendo ili lende, akutafuna nthanga za mpendadzuwa n'kumalavula makoko.

“Sufika pafupi, mdala?” anakuwa Hoyt.

“Ndakhalapo mokwanira pamenepo.”

Woyendetsa thirakitala anakana kuyamba ndi makina. Anazula mbale ndi chitsulo, nayamba kukumba ndi fosholo, mosamala ngati akufukula mbatata. Anakumba kufika m'maondo. Anakumba kufika m'chiuno. Anakuza dzenje uku ndi uku, abusa akusuzumira, mpaka dzuwa linafika pamutu anthu n'kuyamba kuyang'ana mawotchi awo.

Munali dothi lofiira, pansi pake dothi lakuda, ndi mwala umodzi. Phulusa la Earline, tinadzamva pambuyo pake, lili mumzinda wa Tulsa kwa mng'ono wake, pamwamba pa kabati, ndipo lakhala kumeneko chiyambire maliro. Pansi pa mbale panalibe kanthu.