Jekete la Ukwati Wanga pa Nyuzi

Chaka chomwe fakitale yathu ku Kafue inatseka mageti, tinamva kuti a TV akubwera kudzajambula ife ochotsedwa ntchito. Apongozi anga kum'mawa anali atauzidwa kale kuti ine anandichotsa chifukwa cha mowa. Ndinati mwayi ndi uwu: andione pa nyuzi pakati pa anzanga, adziwe kuti tagwa tonse.

Mkazi wanga anati sindingaonekere dziko lonse ngati wamisala. Anasita jekete la ukwati wathu mpaka linkaima lokha. Sindikunama, tinaliimika pakhomo, galu analiuwa.

Neba wanga wa ku Nangongwe, yemwe tinkagwira naye makina amodzi, sanamve n'komwe za TV. Tsikulo anangodutsa pageti la fakitale akuchokera kumtsinje, malaya ong'ambika, thumba lopanda kanthu m'manja poti nsomba zinamukana.

Wojambula anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tayi. "Ba bwana, sunthani pang'ono. Muoneka monga mukali pa nchito."

"Nachosedwa ine! Nasebenza nchito muno zaka zambiri kupambana aba!"

"Kamera siziba zimenezo. Imwe ba mudala ba thumba, bwerani kuno."

Ndinaima pambali n'kumaona mmene umphawi amauphikira. Anamuimika pafupi ndi loko wa pageti. Wojambula anakwera pa diramu n'kumuloza kuchokera pamwamba, mwakuti neba wanga, munthu wosintha babu osakwera mpando, anafupika ngati mwana wa giredi wani. Anamuletsa kuyang'ana kamera, akuti ayang'ane kutali, ku chumuni chosatuluka utsi. Neba ataseka, wojambula anayambiranso. Thumba lija analijambula pafupi, neba akulikutumula. Koma atafika kwa manejala, wojambula yemweyo anagwada pansi, ndipo kamunthu kofika m'khwapa mwanga kanatalika ngati thanki ya madzi, maluwa obwereka ali kumbuyo.

Madzulo tinadzazana m'nyumba ina yomwe munali TV. Nkhope ya neba inadzaza galasi lonse. Ine ndinaonekako mkono wa jekete, kumanzere, mabatani awiri. Ndinakuwa kuti, "Ndine uyo!" Palibe anacheuka.

Kuyambira pamenepo, wowerenga nyuzi akangoti "chuma cha dziko", neba ankatulukira ndi thumba lake. Ufa wakwera mtengo, neba. Mvula yachedwa, neba. Tsiku lina inali nkhani ya njovu zoononga minda, ndipo ndikulumbira, anaonetsa neba akuyang'ana kutali ngati njovuzo waziona. Achinyamata a tchalitchi cha Pente ankabwera kudzamupempherera. Makondakitala ankamukhazika kutsogolo. Mwini sitolo ina ya zitsulo anamulemba ntchito chifukwa chomumvera chisoni. Munthu ananenepa mpaka khosi kusowa, koma pa TV njala inali ikumuphabe. Ine, wanjala weniweni, ndinasiya kumupatsa moni pampanda.

Kalata ya apongozi inafika. Inati, "Ochotsedwa ntchito enieni tawaona. Inu panalibe."

Patapita nthawi tinamva kuti a TV akubweranso. Ulendo uno ndinakonzeka. Ndevu ndinazisiya sabata yathunthu, malaya ndinang'amba ndekha ndi lezala, ndipo ndinkayeserera kuyang'ana kutali mpaka mkazi wanga anafunsa ngati ndikuona mizimu.

M'mawa wa tsiku lojambula neba anagogoda. "Ba neba, nibwerekeniko jekete ija. Abwana anga akuti nivale bwino lelo pa TV."

Mtima wanga unavina. Ndinamuveka ndekha, ndi tayi yomwe. Ndinati akalawe nayenso kusunthidwa.

Sindinadziwe kuti nkhani inali itasintha. Fakitale inali itapeza eni ake atsopano, geti atalipaka penti, ndipo a TV ankafuna kuonetsa Kafue akudzuka. Wojambula anali yemwe uja. Anandiona ndi thumba langa n'kukwinya nkhope.

"Ba mudala, chokani kumbuyo uko, muononga pikicha."

Kenaka anagwada pamaso pa neba. Ndinaona ndi maso angawa jekete langa likutalika mpaka kuphimba chumuni.

Apongozi analizindikira, poti pa ukwati paja analigwiragwira kufunsa ngati n'langadi. Kalata yawo yachiwiri inali ya mzere umodzi: "Mowa wafika pogulitsa jekete la ukwati?"

Jeketelo neba analibweza, likununkha mafuta a TV. Lili m'kabati mpaka lero. Sindilivala. Chovala chotchuka kuposa mwini wake chimayamba kukuyang'anira pansi, ndipo ili limatero ndikatsegula chitseko.