Tsiku Limene a Simbi Anakwinya Zovala

M'dera lonselo palibe amene amawaitana ndi dzina lina koma a Simbi. Munthuyu wakalambira pa thebulo lositira. Anayamba ali mnyamata kuchapa ndi kusita zovala za anthu pa kashopu ka pakona, ndipo mpaka lero akakumana nawe amayamba ayang'ana kolala, moni umabwera pambuyo. Mzere wa thalauza lawo ungakucheke chala. Akazi awo amati m'nyumbamo ngakhale kansalu kopukutira mbale sikaloledwa kugona kosasita.

Chimene chinawapweteka ndi makasitomala osabweranso. Wina ankasiya suti n'kusamuka, wina diresi la ukwati, ukwatiwo n'kutha diresilo lisanaume. Ndiye a Simbi ataye chovala cha munthu? Mwaziwonera kuti! Atakula n'kutseka shopu ija, anatutira zonse kunyumba, m'chipinda chimene anakuliramo mwana wawo wamkazi. Anamangamo zingwe kuchoka khoma ili kufika khoma ilo, n'kupachika majekete, mashati ndi masiketi mpaka zenera losaoneka. Loweruka lililonse ankalowamo kukazisitanso, zovala zoti palibe akuzivala.

Tsopano mwana uja anali woyembekezera, masiku atayandikira, ndipo uyu anali mdzukulu woyamba. Iye sanazungulire. Ananena pafoni kuti akangochira adzafikira kumene kuli chipinda, kaya kwa makolo ake, kaya kwa apongozi ake. A Simbi mdzukuluyo ankamufuna m'nyumba mwawo, kumufuna kwenikweni, moti anali atayamba kale kuyeserera tinyimbo totonthozera mwana ali kubafa.

"Mukuimba bwino, bambo," anatero akazi awo. "Koma khandalo lidzagona pa hang'ala?"

Mwayi wake, amayi a m'deralo anali atakonza tsiku logulitsana zovala pabwalo la pakati pa nyumba. Aliyense atulutse zimene zamuthina kapena zamutopetsa, zikapeze thupi lina. A Simbi anavomera ndi mtima umodzi, winawo ukukana. Anasita sabata yonse. Tsikulo litafika anamanga chingwe kuchoka pamtengo kufika pampanda, n'kupachika chovala chilichonse pa hang'ala yakeyake, zoyera pazokha, zakuda pazokha, mabatani onse otseka mpaka m'khosi. Kenako anaima pambali atavala tayi.

Pafupi nawo panali mayi wa saluni. Iyeyu sanavutike. Anayala chiguduli, n'kutembenuza thumba, zovala khuthu! Anthu anamuunjikira ngati akugawa zaulere, kufukula, kulandana, wina kuyesa siketi pamwamba pa inzake. Akafika pa chingwe cha a Simbi ankachepetsa mawu, manja kumbuyo, n'kudutsa mwaulemu. "Izi si za ife," ankanong'onezana.

Dzuwa litakwera, panabwera bambo wina woyendetsa lole, wolimba mtima. Anakhudza jekete yotuwa.

"Ikundikwana iyi, madala."

"Simbi muli nayo kunyumba?" anafunsa a Simbi.

"Simbi ya chiyani? Ine ndimangoika pansi pa matiresi, kukacha yawongoka."

A Simbi anamulanda jeketeyo pang'onopang'ono, n'kuipukuta pamene anagwirapo. "Pepani, achimwene, iyi ili ndi mwini wake."

Akazi awo, amene ankaonerera atakhala pa ndowa, anadzuka. "Kodi bambo, mukugulitsa kapena mukukwatitsa? Mwatsala pang'ono kumufunsa kwawo! Taonani, anthu akuziopa zovala zanuzi. Chovala cha pa hang'ala chimaoneka chodula. Munthu amafuna afukule yekha, aziona ngati watola mwayi. Ziunjikeni pansi ngati anzanuwa."

"Pansi? Pafumbi? Mayi, mukudziwa kuti shati iyi ndaisita kangati?"

"Ine ndikudziwa bilu ya magetsi. Chitani zimene mukufuna, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Anabwerera pa ndowa yawo.

A Simbi anauma gwa. Masana anadutsa, mayi wa saluni anakutumula chiguduli chake n'kupita kukapuma, chingwe cha a Simbi chidakali chodzaza monga m'mawa. Zikapanda kugulidwa zibwerera m'chipinda muja, izi ankazidziwa bwino. Komabe dzanja linkakana.

Ndiye kunatulukira asewere awo, amayi ake a mkamwini, atanyamula ambulera, akumwetulira mano onse.

"Ii, asewere, koma kukongola kwake! Zimenezi n'zogulitsa? Musayerekeze. Zibwezereni m'chipinda, zisaonongeke. Za mwanayo musade nkhawa, ife kwathu tapenta kale, makatani tapachika, ndi kabedi kafika dzulo. Inu muzidzabwera kudzamuona, khomo ndi lotsegula." Anatsina tsaya la mwana wa eni amene ankadutsa, n'kumapita.

Muzidzabwera kudzamuona! Mawu amenewa anawalasa a Simbi. Anadziona atakhala pampando wa alendo, chipewa pabondo, akudikira kuti awapatse mdzukulu wawo amunyamule pang'ono n'kubweza. Anachita mantha, komanso anapsa mtima.

Anapita pampanda paja n'kumasula chingwe.

Zonse zinagwa, koma zinagwa mwaulemu, zitandandalikana monga anazipachikira. Anthu anangoyang'ana. Ndiye a Simbi anagwada, tayi ikulendewera, n'kuyamba kuzula mahang'ala. Anagwira shati yosita kangapo ija, anaifinya ndi manja awiri, n'kuiponya. Anasakaniza zakuda ndi zoyera, thalauza analilozetsa miyendo kumwamba, diresi la ukwati analikwirira pansi pa majuzi. Manja aja, amene moyo wawo wonse akhala akuthamangitsa makwinya, tsiku limenelo ankawapanga okha. Atatha anaimirira, n'kukuwa ndi mawu amene ngakhale akazi awo anali asanawamvepo:

"Kaunjika! Fukulani nokha! Mtengo tigwirizana!"

Abale inu, anthu! Anachokera kuti? Bwalo lonse linakhamukira pamenepo. Amayi awiri anakanganirana bulauzi imodzi, uyu dzanja ili, uyo dzanja linalo. Agogo ena anavala majekete awiri nthawi imodzi poopa kulandidwa. Mtsikana wina anaponda kolala ndi nsapato yamatope. A Simbi anatembenuka kuyang'ana kumpanda, kusiya akazi awo akulimbana ndi ogula. Pofika madzulo panatsala tayi imodzi ndi mulu wa mahang'ala.

Kunyumba analowa m'chipinda muja n'kumasula zingwe zonse. Zenera linaoneka, ndi pakhoma pamene mwana wawo ankajambula maluwa ali wamng'ono. Anakhala pansi, poti munalibe mpando, n'kumuimbira foni.

"Mwanawe, chipinda chilipo. Uwauze apongozi ako kuti azidzabwera kudzamuona, khomo ndi lotsegula."

"Nanga zovala zanu zija, ababa?"

"Zapita ndi anthu."

"Zonse? Ababa, mawu anuwo bwanji? Mukulira?"

"Eya, ndikulira. Munthu wina wapinda suti panayi n'kuikhalira panjinga, ine ndikuona." Anapukuta mphuno. "Iwe ungobwera naye mwanayo."