Kamalaya Kamene Tinakagoneka ndi Njala

Linali Lachinayi, wailesi ya oyandikana nawo itangonena kuti seveni koloko m'mawa, pamene galimoto yoyera inaima pansi pa mtengo wa mango kwathu, kufupi ndi Nayuchi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinali nditabereka mlongo wanga Jafali. Ine ndiye ndinali mlezi wake, poti amayi ankakhalira kudambo kolima mpunga.

Jafali anali atapitirira zaka ziwiri koma pakamwa pake panali polemera. Ankati "amama", ankati "mesi" akafuna madzi, basi. Anzake obadwa nawo nyengo imodzi anali atayamba kale kukalipira nkhuku. Nkhaniyi inkawadya amayi mumtima. Amayi aakulu, Abiti Saidi, ankati vuto ndi kusakaniza: akuluakulu Chiyao, ife ana Chichewa, kusiteshoni a malonda Chipwitikizi. "Mwana atole chiti, asiye chiti?"

M'galimotomo munatuluka mlangizi wa zaumoyo amene ankatiyeza kusikelo, ndi mayi wina wovala magalasi, Mayi Chirwa, wa kusukulu ya ukachenjede. Anakhala pamphasa bwinobwino, n'kutulutsa kamalaya kobiriwira kokhala ndi kathumba pachifuwa. M'kathumbamo munali kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi.

"Tikufufuza mmene ana amaphunzirira kulankhula," anatero Mayi Chirwa, "makamaka kuno kumene mwana amamva zinenero ziwiri kapena zitatu. Avale tsiku lonse. Inu muzingochita zimene mumachita masiku onse. Mawa tidzakatenga."

Amayi anafunsa akuyang'ana pansi: "Ndi mankhwala?"

"Iyayi mayi, sikachiza. Kamangomvetsera."

Amayi anavomera. Akanakana bwanji pamaso pa munthu amene amakuyezera mwana mwezi ndi mwezi?

Fumbi la galimoto lisanatsike, Abiti Saidi anali atafika, mpango uli pambali. Anatikokera kuseri kwa nkhokwe, Jafali titamusiya pakhonde, ndipo analankhula monong'ona.

"Kamangomvetsera! Chinthu chopanda makutu chimvetsera bwanji? Ndipo chifukwa chiyani asankha mwana amene mawu ake ndi ochepa kale? Aja a anamapopa tinkawamva akufuna magazi, awa abwerera mawu. Akakawagulitse kunja, mwana atsale mbuu!"

Amayi anafuna kukavula pomwepo, koma pa kachipangizoko panali kanyali kofiira kamene kankaphethira. Abiti Saidi anati tikakavula kadziwa, ndipo eniake akatitengera kuboma. Anaganiza pang'ono, kenaka anadula mlandu: "Kasiyeni. Koma aliyense atseke pakamwa. Kameneka kagone ndi njala."

Sindinaonepo tsiku lalitali ngati limenelo. Amayi sanapite kudambo. Tinkatumana ndi maso ndi zala ngati pamaliro. Ndinkamva munsi ukugunda mumtondo, ntchentche, mphepo m'masamba a chinangwa. Mlendo akamati "Odi!" Abiti Saidi ankathamanga kukamuchingamira kumsewu. Cha m'mawa Jafali anati "mesi", amayi anangomupatsa kapu osanena kanthu. Mwanayo anayang'ana nkhope zathu mmodzimmodzi. Anayesanso "amama", ndipo amayi anatembenukira kukhoma.

Dzuwa litapendeka anandituma kumjigo, Jafali ali kumsana. Ndinabwerako, ndinatula madzi, ndinakhala chete ngati ena onse.

Pofika madzulo mwana uja anali atasiyiratu. Amayi analephera kupirira, anamunong'oneza kuti, "Tanena amama." Iye anangoyamwa chala.

"Mwaona?" anatero Abiti Saidi. "Kamukoka pachifuwa. Ife tabisa athu, katenga ake."

Amayi analira osatulutsa mawu.

Lachisanu m'mawa galimoto itabwera, Abiti Saidi anaima pakati pa bwalo, manja m'chiuno. "Mayi inu, musanatenge kanthu kanu, mubweze mawu a mwana."

Mayi Chirwa anavula magalasi. Mlangizi atawafotokozera zonse, sanaseke, ngakhale ndinaona kuti mlangiziyo akudziluma mlomo. Anatulutsa kompyuta m'chikwama, analumikiza kachipangizo kaja, n'kunena kuti, "Tiyeni timvere limodzi zimene katola."

Tinamva munsi. Tinamva tambala. Anadumphitsa, tinamva mphepo. Anadumphitsanso, sitima ikulira kutali. Abiti Saidi anagwedeza mutu monyadira kuti kagonadi ndi njala. Kenaka mwadzidzidzi munamveka mawu a mtsikana, okwera, osangalala.

"Jafali, taona uko! N'chiyani icho? Chikudya chinangwa cha eni, chakuba chimenecho. N'chiyani?"

Ndinafuna nthaka indimeze. Anali mawu anga. Ine amene kusukulu aphunzitsi ankati ndinameza lilime, m'kabokosimo ndinkalongolola njira yonse ya kumjigo, apa Chichewa, apa Chiyao, apa kanyimbo. Sindinachite dala. Kwathu kulankhula ndi kamwana kosayankha sitinkakuwerenga kuti ndi kulankhula. Wamkulu akatero ankamuseka kuti mutu wazungulira. Ine ndinkachita tikakhala awiri panjira, ndipo ngakhale tsiku loletsedwa lija sindinadzimve.

Ndiye m'kabokosimo munayankha kamawu kena: "Mbusi," ndiye kuti mbuzi pa Chiyao. Patsogolo pake, "sitima". Patsogolonso, dzina langa, lopindika koma langa ndithu. Mawu amene amayi anali asanawamvepo.

"Si awo!" anakuwa Abiti Saidi. "Si awo mawu a mwana? Ali m'katimo! Ndimanama ine?"

Anthu amene anasonkhana kumpanda anayamba kung'ung'udza, ndipo dalaivala anayang'ana kumene kunali galimoto. Mayi Chirwa anabweza mawu aja m'mbuyo pang'ono kuti afotokoze, ndipo mawu anga anafunsanso: "N'chiyani icho?"

"Mbusi!"

Ulendo uno yankho silinachokere m'kompyuta muja. Linachokera kumsana kwanga, pafupi ndi khutu langa, ndi kuseka komwe. Amayi anakhala pansi pomwe anaimapo.

Patapita kanthawi anafunsa zimene zinkawasautsa: ngati kusakaniza zinenero ndiko kukumuchedwetsa. Mayi Chirwa anati mwana zinenero ziwiri sizimulemera, amazinyamula zonse. Anati chimene iwo ankafuna kudziwa n'chakuti mwana wa kumudzi amalankhulidwa ndi ndani, ndipo mochuluka bwanji. "Kuno ndaona kuti ndi uyu," anandiloza. Anawonjeza kuti amayi akamuyezetsebe makutu kuchipatala, poti iwo sanali dokotala.

Abiti Saidi sanagonje. Anati mawu a mwana wa m'banja mwawo sakwera galimoto. Mayi Chirwa anafunsa amayi, ndipo amayi anati, "Fufutani." Mayi Chirwa anadina penapake n'kutionetsa kuti zapita. Kaya zinapitadi, sindidziwa mpaka lero. Ndani mwa ife akanatha kuona? Abiti Saidi anamwalira akunenabe kuti akanapanda kuima pabwalo paja, Jafali akanakhala wosalankhula.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndipo za kafukufuku sindizidziwa. Pano ndili ku Balaka, ndili ndi mwana wanga wamkazi amene sanakwanitse chaka. Munthu wachilendo atabwera ndi kamalaya kotere, ndikhoza kumufunsa mafunso ambiri ndisanavomere. Koma chimene ndinachimvetsa n'chakuti tsiku lija mawu a Jafali sanabedwe ndi kachipangizo. Tinamumana ndife. Mwana amaponya liwu kuti aone ngati libwerera, ndipo likapanda kubwerera amasunga otsalawo. N'chifukwa chake pamzere wa kusikelo, ngakhale manyazi sanandichoke, ndimamuuza wanga za kabaza akudutsa ndi za mvula ikubwera, amayi anzanga akundiyang'ana cham'mbali.

Loweruka m'mawa, alendo aja atapita dzulo lake, sindinadikire njira ya kumjigo. Ndinamasula nsalu, ndinamuchotsa Jafali kumsana n'kumukhazika pamiyendo kuti azindiona pakamwa, pakati pa bwalo, Abiti Saidi akusesa pomwepo. Ndinaloza tsache lawo n'kufunsa mokweza kuti, "Jafali, n'chiyani icho?" Ndipo ndinadikira.