Salimo Linandithawa Pamaso pa Anamfedwa

Mapiritsiwo ndinayamba kumwa chifukwa cha mphumu. Chisanu cha ku Masiphumelele, komboni yomwe ndimakhala kuno kuchilendo, mvula ikulowa pansi pa chitseko, chinanditseka pachifuwa, ndipo adokotala anandipatsa timapiritsi toyera tomwa m'mawa uliwonse. Mpweya unabwerera. Koma nkhope inatupa ngati chitumbuwa, mtima unkagunda popanda chondiopsa, ndipo ndinayamba kuiwala. Kuntchito ku Constantia ndinkaima pakati pa khitchini, osadziwa chimene ndadzera.

Zimenezo ndinkapirira. Chimene chinandipweteka ndi cha Lamulungu lija.

Amayi a mpingo wathu timakumana Lamulungu masana, popeza Lachinayi tonse timakhala m'nyumba za mabwana. Aliyense amanena vesi la pamtima, ndipo ine ndinkadziwika ndi kunena salimo lathunthu osatsegula Baibulo. Tsikulo tinakapepesa mayi wina amene amuna awo anamwalira, thupi likudikira ulendo wa kumudzi. Atcheya anati, "Amayi a masalimo, titonthozereni mnzathuyu."

Ndinaimirira n'kuyamba salimo la m'busa lija, limene ndinaloweza ndili mwana. Pakati penipeni linathawa. Ndinabwerera poyamba, ndinakakamiranso pomwepo. Anamfedwa anali atandiyang'ana, akudikira.

"Netiweki yasowa," amayi ena ananong'ona kumbuyo.

"Ndi kunenepa kumeneku, mawu akhala pati?" anzawo anawonjezera.

Ndinakhala pansi. Mumtima ndinati Ambuye andilanda mawu awo, monga anachotsera mzimu wawo pa mfumu yosamvera ija. Kapena ndadalira mapiritsi kuposa Iwo. Ndinasiya kumwa osauza munthu.

Pasanapite nthawi ndinagwa pokwerera matakisi, miyendo ili lende. Kukiliniki anesi sanandinyengerere.

"Mama, mufuna kufa? Mankhwalawa ndi ofanana ndi timadzi timene thupi limatulutsa munthu akapanikizika. Mukamwa nthawi yaitali, thupi limaleka kupanga take. Mukasiya mwadzidzidzi, palibe chokuimiritsani. Kuiwalakonso angachititse ndi omwewa. Tizichepetsa pang'onopang'ono."

"Ndiye si tchimo?"

"Tchimo la chiyani?"

Ndinayambiranso kumwa.

Koma salimo la anamfedwa aja linali lisanathe. Titabwererako ndi amayi anzanga, ndinapempha ndekha kuimirira. Ndinatulutsa Baibulo m'chikwama, ine amayi a masalimo, n'kuyamba kuwerenga chala chili pamzere ngati wa sitandade wani. Makutu ankatentha. Amayi a netiweki aja anali pafupi nane, ndinkamva kupuma kwawo. Ndinadutsa pamene ndinakakamira paja, ndipo sindinadzutse maso mpaka anamfedwa atati ameni.