Mphuno ya a Gideoni

A Gideoni Namakhwa anakalambira m'fakitale ya tiyi pa esiteti ina ku Thyolo, koma tiyiyo sanamulawepo. Anali a mpingo wa Sabata enieni, osamwa tiyi. Ntchito yawo inali ya mphuno: masamba ogayidwa akayamba kufiira, iwo ankatapako pang'ono, n'kununkhiza, n'kunena ngati nthawi yowapititsa ku makina oumitsira yakwana. Kunena zoona, mphunoyo ankanyada nayo mopitirira muyeso.

Chaka cha Kovidi anadwala n'kuchira, koma kumva fungo kunapitiratu. Sopo, utsi, ngakhale chimbudzi, zonse zinali ngati madzi. Anabwerera kuntchito osauza munthu, n'kumatapa masamba, n'kumagwedeza mutu ngati kale. Mumtima munali mantha okhaokha, kuti tsiku lina adzaononga tiyi pamaso pa anyamata omwe anawaphunzitsa okha.

Mwana wawo Deborah, yemwe ankaphunzira unamwino, anatulukira chinsinsicho tsiku lina nyemba zitapserera bambo akewo ali khale pafupi ndi mbaula. Anawaonetsa pafoni chithunzi chojambulidwa pa maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso.

"Bambo, m'mwamba mwenimweni mwa mphunomu muli kamnofu kochepa ngati chikhadabo. Mukutiona timaselo tandandana apati, tokhala ndi titsitsi kunsonga? Timeneti ndi timene timagwira fungo. Tikaonongeka, nthawi zambiri tina timaphukira m'munsi mwake, ngati tiyi akamudulira. Auzeni amanijala, mudikire."

"Iwe Debo, ndikaime mu ofesi ine n'kumati mphuno yafa? Kuti azindiseka fakitale yonse?"

Manyazi anawapweteka a Gideoni. Anakanamizira msana n'kupuma pantchito. Amanijala anawanyengerera, iwo anakanitsitsa, ndipo malo awo anapatsidwa kwa Fabiano, mmodzi wa anyamata aja. Nyumba ya kampani anaisiya, n'kupita kwawo ku Khonjeni kukalimbana ndi khasu.

Dzinja lotsatira, ali pa kabaza kupita ku Boma, anadutsa pafupi ndi fakitale ija. Kamphepo kanawomba, ndipo china chake chinawalowa m'mphuno. Anamuuza wakabaza kuti aime. Anatsika n'kugwira waya wa mpanda, akukoka mpweya mobwerezabwereza. Linali fungo la tiyi, lonse lathunthu, monga Deborah ananenera.

"Achedwa kumuumitsa tiyiyu," anatero chapansipansi.

Mlonda wapageti anali wachilendo. Anawayandikira n'kufunsa mwaulemu: "Madala, mukufuna ndani?"

"Palibe, mwanawe," anayankha a Gideoni. "Ndimangodutsa."